Khanda lili pa magetsi, mkulu wake akulira panja

Ife tikulemba pano ndife amayi a ku Dwangwa ndi midzi yozungulira, kwa Kanyenda, m'boma la Nkhotakota. Ena timakhala pa tauni penipeni, ena cha ku Ngala, ena ku Liwaladzi, ena m'mphepete mwa minda ya nzimbe, ena kunyanja komwe amuna athu amapha usipa. Kale sitinkadziwana. Chinatidziwanitsa ndi chikasu cha ana athu. Aliyense wa ife anabereka khanda limene linadwala chikasu kwambiri, pamene pakhomo panali kale mwana wina wamng'ono, wa chaka ndi miyezi kapena wa zaka ziwiri, woti sangathe ngakhale kudzivalira kabudula. Makalata a ku ofesi sitiwadziwa. Tinangokhala pansi tsiku lina tikuchokera ku sikelo, aliyense n'kumanena zake, mnzathu wina amene anapitako patali ndi sukulu n'kumalemba. Mayina sitinalembe, athu kapena a zipatala, chifukwa mawa tidzadwalanso ndipo tidzapita komweko.

Tili oyembekezera, ku sikelo tinkapita ndithu. Anati tiyambe msanga, tinayesetsa. Anati tibwere ndi amuna athu, tinawakoka. Tinayezetsa magazi, tinamwa mapiritsi oteteza malungo ndi owonjezera magazi, tinagona m'masikito. Anatiuza zoti tikonzeretu: zitenje, beseni, pepala lapulasitiki, lezala, ulusi, tochi. Tinagula pang'onopang'ono, chitenje mwezi uno, beseni mwezi wamawa. Kuchokera pamene boma linaletsa azamba akumudzi mu 2007, mafumu ambiri amalipiritsa mayi wochirira pakhomo, ena nkhuku, ena mbuzi, ndiye ife tinachirira kuchipatala monga mwa lamulo. Mbali yathu tinaichita. Koma pa zonse zimene tinaphunzitsidwa, ndi nyimbo zonse zimene tinaimba pa benchi paja, za chikasu cha khanda ambiri a ife sitinamvepo. Amene anamvapo akuti linali liwu limodzi lokha pakati pa zizindikiro zina zoopsa, lonenedwa mothamanga dzuwa litakwera kale, ife maganizo ali pa mwana amene tamusiya kwa aneba.

Titachira tinagona usiku umodzi, m'mawa n'kutitulutsa. Bedi lija linkafunidwa ndi mnzathu amene ankabuula pansi, zimenezo tinaziona tokha. Koma tinadzamva pambuyo pake kuti kawirikawiri chikasu sichioneka tsiku loyamba. Chimayamba pa tsiku lachiwiri kapena lachitatu, n'kumakula mpaka cha m'ma tsiku lachisanu. Ndiye kuti nthawi imene matenda akudzuka, ife tili kale kumudzi, m'chikuta. Amene anakulira kumudzi akudziwa, khanda silituluka panja mchombo usanagwe. Limakhala kuchipinda, zenera lili lotseka kapena kulibiretu, litakulungidwa m'zitenje ziwiri ndi shawelo, chipewa kumutu, masokosi kumapazi, ngakhale m'chilimwe cha kunyanja kuno. Kulisambitsa n'komweko, powunikira ndi tochi ya foni. Khungu lathu n'lakuda kale. Mumdima woterowo ndani angaone kuti mwana akusintha mtundu?

Chimene chimatipweteka tikakumbukira n'chakuti tinkayamika. Khanda linkangogona. Silinkavuta, silinkalira, bere linkayamwa pang'ono n'kulisiya. Obwera kudzaona mwana ankati, "Koma ndiye mwapata mwana wofatsa." Ife n'kumavomera, poti mkulu wake ndiye anali atatipanikiza. Mwana wa zaka ziwiri sadziwa kuti amayi ake anasokedwa. Akufuna pamiyendo, akufuna kumsana, akufuna bere limene analetsedwa miyezi yapitayo ndipo tsopano akuliona lili m'kamwa mwa mlendo. Wadzikodzera, wataya phala, wathamangira kumoto, watsina khanda patsaya. Mayi amene akulimbana ndi ameneyu, khanda likagona kuyambira m'mawa mpaka dzuwa pamutu osadzuka, amati Mulungu wamumvera chisoni. Palibe anatiuza kuti khanda lathanzi limayamwa ka 8 mpaka ka 12 usana ndi usiku, ndi kuti tulo tosadzukira bere ndi chizindikiro choti tinyamuke.

Mmodzi wa ife anachiona chikasucho tsiku lomwe mchombo unagwa. Anatulutsa mwana pakhonde kuti amumete, ndipo atamukweza chikope anapeza diso lonse lili ngati papaya wakupsa, m'manja chimodzimodzi, kumapazi chimodzimodzi. Apa ndi pamene uphungu umachuluka. Apongozi anati ndi mwana woyera chabe, watengera kwa agogo ake. Wina anati mayiyo anadya mango ambiri ali woyembekezera. Wina anati atafune nzimbe, chikasu chimathawa zotsekemera, ndipo kuno nzimbe sitisowa. Wina anasungunula shuga m'madzi n'kumwetsa khanda ndi sipuni. Wina anati liwothe dzuwa la m'mawa. Wina ananong'ona za tsempho maso ali pa bambo wa mwana, pakhomo n'kubuka mkangano pamwamba pa matenda. Makolo athu sitikuwanyoza. Iwo anaona ana ambiri akuchita chikasu n'kuchira okha, ndipo achipatala omwe amavomereza kuti mwa ana 10 obadwa masiku atakwana, pafupifupi 6 amachita chikasu sabata yoyamba, pamene mwa obadwa masiku asanakwane ndi 8 pa 10. Ambiri chimawathera chokha pasanathe masabata awiri. Chimene agogo sangasiyanitse ndi maso ndi mwana mmodzi uja amene chake sichikutha koma chikukwera. Masiku amene tinatha tikutafuna nzimbe ndi omwewo amene mwana ankafunika kukhala kuchipatala.

Zimene tikudziwa lero tinaziphunzira mochedwa, pa mabenchi a kuchipatala. Khanda limabadwa ndi maselo ofiira a magazi ambiri, ndipo ena amayamba kuphwanyika likangobadwa. Akaphwanyika amatulutsa zachikasu zimene madokotala amati bilirubini. Ntchito yomuchotsa ndi ya chiwindi, koma chiwindi cha khanda chimakhala chisanakhwime. Mwana akamayamwa bwino, zambiri zimatuluka ndi chimbudzi. Bilirubini amachuluka mopyola mwana akabadwa masiku asanakwane, akalowedwa tizilombo m'magazi, akavulala pamutu pobadwa magazi n'kuundana pansi pa khungu, akamayamwa mosakwanira, kapena gulu la magazi ake likasemphana ndi la amayi ake, monga mayi wa gulu O ndi mwana wa A kapena B. Palinso ana, makamaka aamuna, obadwa ndi vuto la G6PD, amene magazi awo amaphwanyika msanga akakumana ndi mankhwala ena, ngakhale timibulu toyera tija timaika m'sutikesi kuthamangitsa njenjete ndi mphemvu. Ena a ife zovala za mwana tinazisunga m'timibulu tomweto miyezi yathunthu, tikuti ndi ukhondo. Bilirubini akachulukitsa amalowa mu ubongo, ndipo zimene wawononga kumeneko sizibwereranso.

Namwino wina anatisonyeza momwe tikanaonera. Mwana umutengere powala, ukanikize chala pamphuno kapena pachipumi, uchotse, uone mtundu watsalapo. Uyang'ane m'maso ndi m'nkhama. Chikasu chimayambira kumutu n'kumatsika. Chikafika m'manja ndi kumapazi, kapena chikaoneka tsiku lomwelo mwana wabadwa, kapena mwana akasiya kuyamwa, usadikire kuti kuche. Phunziro lonselo silinathe mphindi zisanu. Tinalilandira ana athu atagonekedwa kale.

Ulendo wa kuchipatala ndiye musanene. Mayi wochira masiku ochepa apitawo, wosokedwa, magazi akutulukabe, akwere kabaza wa njinga yamoto usiku khanda lili m'manja, m'timisewu ta fumbi ta pakati pa nzimbe. Wakabaza usiku amatchula mtengo wowirikiza, ndipo sitimuda, naye mafuta akasowa amagula a m'zigubu. Pa chipatala chapafupi anatilandira, anayang'ana mwana, n'kulemba m'buku kuti apite kwina. Ambulansi ena tinaipeza. Ena tinauzidwa kuti yapita ndi wodwala wina. Ena tinauzidwa kuti ilipo koma ilibe mafuta, tikasonkha ndiye inyamuka. Kuchoka pa Dwangwa kukafika ku Nkhotakota pa boma ndi makilomita oposa 50 pa msewu wa M5, kuwoloka pa Bua, ndipo amene anayendapo ndi mimba kapena ndi bala zaka zapitazi akuwadziwa maenje ake. Mu Sienta ya anthu 7 timapanikizana 10 kapena kuposa, madengu a nsomba kumbuyo, ndipo siinyamuka isanadzaze, kaya mwana wako akuuma khosi. Chigwere kwacha ndi 44 peresenti mu November 2023, ulendo wopita ndi kubwera wa mayi ndi womudikirira umadya phindu la mandasi la masabata angapo. Wina anagulitsa nkhuku zake zonse, wina ndowa ya mpunga wa mbewu, wina thumba la makaka lomwe linali la kudya, wina foni.

Mmodzi wa ife anachira nthawi ya madzi osefukira a kumapeto kwa February 2024, pamene mtsinje wa Dwangwa unaphulika, nyumba kugwa, msewu kuduka. Khanda lake linachita chikasu ali pa msasa wa othawa madzi, mkulu wake ali kumsana, njira yotulukira palibe. Anafika kuchipatala mochedwa.

Koma usanakwere galimoto pali funso lina: wamkuluyu ndimusiyira ndani? Ku nesale, chipinda cha makanda odwala kuchipatala, ana ena saloledwa, ndipo chifukwa chake tikuchimvetsa, chifuwa cha mwana wamkulu chikhoza kupha khanda. Kungoti lamulolo silinena komwe mwanayo apite. Dwangwa ndi malo a anthu obwera. Chiyambire kugaya fakitale ya shuga chakumapeto kwa zaka za m'ma 1970, anthu akhala akufika kuno kudzafuna ntchito kuchokera ku Mulanje, ku Thyolo, ku Dedza, ku Mzimba. Ambiri a ife tinatsata amuna. Amayi athu, azakhali ndi achemwali ali kutali, ulendo wa tsiku lathunthu. Amuna athu ena amadula nzimbe m'minda ya eni ake, amadzuka kusanache, ndipo tsiku limene sanadule m'thumba simulowa kanthu. Ena amachezera pa nyanja, masana akusoka maukonde. Timamva kuti lamulo la 2021 linapatsa abambo masabata awiri a tchuthi mkazi akachira, ndi kuti mayi wapantchito ali ndi masabata 8. Zimenezo ndi za olembedwa m'mabuku, a ganyu sizitikhudza. Ngakhale kwa olembedwawo lamulo limati kamodzi pa zaka zitatu, ndiye mayi amene woyamba wake ali ndi zaka ziwiri zokha sakuwerengedwa.

Tinachita zimene tikanatha. Wina anasiya mwana kwa aneba amene ali ndi awo asanu. Wina anajombetsa kusukulu mtsikana wake wa sitandade 4 kuti akhale mayi wa pakhomo, kuphika, kutunga madzi pa mjigo mng'ono wake ali kumsana, iye mwini ali ndi zaka 10. Wina anatenga onse awiri pamodzi ndi apongozi okalamba, mwanayo n'kumagona ku shedi ya magadiyani, pa simenti, pakati pa utsi wa pa mafuwa ndi anthu otsokomola.

Mankhwala a chikasu ndi kuwala. Mwana amamuvula, kumusiyira thewera lokha, kumumanga kansalu m'maso, n'kumugoneka pansi pa nyale ya buluu. Kuwalako kumasintha bilirubini kuti athe kutuluka ndi mkodzo ndi chimbudzi. Ife timangoti amuika pa magetsi. Tsiku loyamba mayi amalira kuona mwana wake ali maliseche, maso omangidwa, iye atauzidwa chikulire kuti khanda silivulidwa. Ena tinaopa kuti magetsiwo amuwotcha kapena amupha maso, ndipo wotifotokozera panalibe, poti namwino anali mmodzi, makanda odzaza chipinda. Tinaona ana awiri, nthawi zina atatu, akugawana nyale imodzi, wina akudikira pambali kuti mnzake achokepo. Magetsi akazima nyale nayo yazima, jenereta ikudikira mafuta. Tinsalu ta m'maso tikatha tinkang'amba chitenje. Ena ana athu anawatenga magazi n'kutiuza pamene bilirubini wafika. Ena anangowayang'ana ndi maso, akuti zoyezera zatha.

Maola awiri kapena atatu aliwonse, usana ndi usiku, ukufunika kukayamwitsa. Ngati mwana alibe mphamvu yokoka, ukufinyira mkaka m'kapu, mawere atatupa, n'kumamwetsa pang'onopang'ono kapena kudzera m'kapaipi ka m'mphuno. Pakati pa maola amenewo ukuchapa matewera, ukusaka madzi, ukuthamangira ku shedi kukaona wamkulu uja. Ukafika wakukakamira mwendo. Nthawi ikakwana umamumasula tizala chimodzichimodzi, n'kumupereka kwa agogo ake akukuwa, iwe n'kubwerera osacheuka. Kulira kwake kumakutsata mpaka pa khomo la nesale. Amene tinawasiya kunyumba zinali zina, foni ikalira thupi lonse limazizira, ndipo mayunitsi amatha usanamve bwino ngati mwanayo wadya.

Amati chipatala cha boma n'chaulere, ndipo n'zoona, pakhomo salipiritsa. Koma nkhuni timagula, ufa timagula, sopo timagula. Kwathu chigwada timangothyola kuseri kwa nyumba, usipa wa ndiwo sutisowa bwato likafika. Kutali ndi kwanu chilichonse n'chogula, ngakhale kamulu ka tomato. Mbale imodzi imene mayi walandira amagawana ndi apongozi ndi mwana, kenako n'kumadabwa kuti mkaka ukuchepa. Amene anathamangira ku zipatala zolipira anabwerako ndi bilu imene akulipirabe.

Ana ena magetsi sanawakwanire. Bilirubini akakwera mopitirira, chotsala n'kusintha magazi, kuchotsa a mwana pang'onopang'ono n'kumalowetsa ena. Zimenezo zimachitikira ku zipatala zazikulu, ndiye kuti ulendo wa ku Lilongwe kudzera ku Salima, makilomita oposa 200, kwa mayi amene mumzinda sanapondemo ndipo alibemo m'bale. Pakati pathu alipo amene anabwerako ndi mwana wamoyo. Alipo amene anabwerako ndi zitenje zokha. M'midzi yambiri maliro a khanda la masiku sakhala ndi mwambo waukulu, amayi okha amakaika, ndipo mwini mwana amauzidwa kuti asalire kwambiri. Akafika pakhomo, wamkulu uja amamusuzumira kumsana n'kufunsa kuti mwana ali kuti.

Amene tinabwerera ndi ana athu tinayamika, koma pakhomo tinapeza zina. Chinangwa chimene tinaviika chinawolera m'madzi. Mbande za mpunga zinakalambira pa nazale osawokedwa. Mpamba wa usipa unathera ku thiransipoti. Ku banki m'khonde dzina lako likuwerengedwa pamodzi ndi osabweza, ndipo wakatapila amene anakubwereka K20,000 akufuna K30,000 mwezi ukatha, za chikasu iye sizimukhudza. Ndiye wamkulu uja. Wina anamupeza wawonda, chifukwa kwa aneba phala linali la m'mawa lokha. Wina anamupeza ndi bala la moto pamkono. Wina anamupeza akutentha thupi ndi malungo, poti womufunyira masikito usiku panalibe. Tsiku lake la sikelo linadutsa. Ena anatikana ndithu, mwana kukuyang'ana n'kubisala kumbuyo kwa aneba, amene anali atasiya kudzikodzera kuyambiranso. Palibe buku la kuchipatala limene linalemba zimenezi, chifukwa iye sanali wodwala.

Zolemera kwambiri zimaoneka patapita miyezi. Mnzathu wa pa msasa uja, mwana wake khungu linabwerera bwinobwino, koma khosi silinalimbe. Anzake obadwa naye akukhala, akukwawa, iye akungopindikira kumbuyo, manja akuuma. Mbale ikagwa sadzidzimuka. Achipatala anati chikasu chinafika mu ubongo. Ana otere ena samva, ena sayenda, ena amavutika kulankhula ngakhale nzeru zili momwemo. Mafizo amathandiza, koma ndi ulendo womwe uja wa pa M5, mwezi ndi mwezi, ndalama yomwe ija. Kuyezetsa makutu ndiye n'kutali kuposa apo. Mayiyo tsopano amanyamula awiri, wina kumsana wina m'manja. Kumunda satha tsiku, ganyu samupatsa. M'mudzi anthu ayamba kunong'ona kuti bambo anakhwimira mwana kuti geni ya nsomba iyende. Mwamuna wa mnzathu wina anangoti akupita ku Joni kukasaka ndalama za mankhwala, mpaka lero foni yake siikupezeka.

Tamvanso mawu akuti, "Nanga inu mumatumbiziranji? Kulera simukudziwa?" Ena anatiuza pa mzere, anthu akumva. Kulera tikukudziwa, ndipo ambiri a ife tsopano tili pa jakisoni kapena tinaikitsa ka pamkono. Ena tinapita tsiku lathu n'kupeza jakisoni watha. Ena amuna anakana. Ena zinangochitika, ndi za m'banja. Koma mwana akabadwa wabadwa, ndipo chikasu chimagwiranso woyamba kubadwa. Mawu amenewo amangochititsa kuti mayi wina, maso a khanda lake akayamba kusintha, azizengereza kupita kukakalipidwa.

Matendawa akanakhala opanda mankhwala tikanangoti ndi chifuniro cha Mulungu n'kukhala chete. Koma mnzathu wolembayu anafufuza, ndipo zimene anatiwerengera ndi zimene zatidzutsa. Zoti kuwala kumachiza chikasu zinadziwika ku England m'zaka za m'ma 1950, namwino wina dzina lake Jean Ward ataona kuti makanda amene ankawatulutsa panja chikasu chinkawachepa. Poti dzuwa lenileni limawotcha khanda ndipo si lodalirika pa chikasu chachikulu, anapanga nyale, ndipo dokotala Richard Cremer ndi anzake analemba za nyaleyo mu 1958, agogo athu ali ana. Kuno ku Malawi konkuno, pa chipatala cha Queen Elizabeth ku Blantyre, anayesa kamakina kogwira m'manja kotchedwa BiliSpec, kopangidwa mogwirizana ndi Rice University ya ku America, koyeza bilirubini ndi kadontho kamodzi ka magazi m'mphindi zochepa, ndipo zotsatira zake zinasindikizidwa mu 2017. Kuyambira 2019 ntchito ya NEST360 yakhala ikuika nyale ndi zipangizo zina m'manesale a zipatala za dziko lino, ndipo sitikubisa, ena a ife ana athu ali moyo chifukwa cha nyale zoterezo. Mu 2022 bungwe la WHO linalangiza kuti khanda lililonse liziyezedwa chikasu ndi kamakina kogunditsa pakhungu lisanatuluke kuchipatala. Bungwe lomweli limati mayi ndi mwana azionedwanso pa tsiku lachitatu, kenako pakati pa tsiku la 7 ndi la 14, kenako pa masabata 6. Ife ambiri tinauzidwa kuti tibwere sabata ikatha. Pa tsiku lachitatu palibe anaodira pakhomo pathu.

Mutikhululukire ngati apa mawu akwera. Sitinazolowere kulankhula ndi akuluakulu, ndipo sitikufuna kuoneka amwano. Anamwino ambiri anatigwira bwino, tinawaona akuchezera usiku wonse ali chiimire. Alangizi a zaumoyo nawo ali ndi midzi yambiri, njinga imodzi yothyoka. Koma tatopa. Timaona magalimoto akuluakulu akutuluka kuno atasenza shuga wothira tiyi m'nyumba za dziko lonse ndi kunja komwe. Nsomba za kuno zimadyedwa ku Lilongwe, mpunga wa kuno ukugulitsidwa m'misika ya m'tauni. Msewu womwewo umene chuma chimatulukira ndi umene ife timayendapo ndi makanda ouma khosi kukasaka nyale imodzi. Chisankho chikayandikira, monga cha pa 16 September 2025, mumatipeza mosavuta, mumadziwa ngakhale kanjira kolowera kumudzi kwathu, mumatigawira zitenje za nkhope zanu. Zitenjezo ndi zomwe tinayala pa simenti ya ku shedi. Tinene zoona, zikutikwiyitsa. Mwana woti akanachira ndi masiku ochepa a pa magetsi akhale wosamva moyo wake wonse chifukwa palibe anatiuza kuti titsegule zenera, anthu n'kumatipepesa kuti ndi tsoka. Pepani akuluakulu, koma limenelo si tsoka.

Chipatala chosanja sitikupempha. Tikupempha kuti mayi asatuluke ndi khanda asanasonyezedwe ndi chala, pa mwana wake weniweni, momwe angaonere chikasu, ndipo womudikirira, kaya ndi apongozi kaya mwamuna, akhalepo, chifukwa m'chikuta olamula ndi iwowo. Gulu la magazi a mayi liyezedwe ku sikelo n'kulembedwa m'buku. Pa tsiku lachitatu pakhale wobwera kudzaona mwana, ndipo mumupatse njinga yoyenda ndi kamakina koyezera. Zipatala zimene timafika ndi kabaza zikhale ndi nyale zokwanira, zoyaka ndi sola magetsi akazima, ndipo ambulansi ikhale ndi mafuta ake. Pafupi ndi nesale pakhale kachipinda kaukhondo, kokhala ndi masikito, komwe mwana wamkulu angagone ndi agogo ake, ndipo pogawa phala mumuwerengere. A mafizo azifika kuno ngakhale kamodzi pa mwezi. Inu mafumu athu, amene munatha kutiopseza ndi mbuzi mpaka tonse tinayamba kuchirira kuchipatala, mungathenso kulengeza pa maliro ndi pa misonkhano kuti khanda lachikasu lituluke m'chikuta ngakhale mchombo usanagwe. Azibusa ndi mashehe, inunso anthu amakumverani.

Ndipo inu amayi anzathu amene muli ndi khanda la masiku ochepa m'nyumba, musadikire kuti akuluakuluwa atiyankhe. Kukacha litengereni pakhomo powala, mulivule, muliyang'ane m'maso, m'nkhama, m'manja ndi kumapazi. Ngati lili lachikasu ndipo likungogona osayamwa, ngati chikasu chafika m'manja ndi kumapazi, ngati chapitirira masabata awiri kapena chimbudzi chake chayera, nyamukani tsiku lomwelo. Wamkuluyo musiyeni kwa aliyense amene angamulandire. Alira, mwina awonda, koma mudzamupeza.